Bogi ya Zitseko Ziwiri

Eleri ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kukwera sitima. Koma sankafuna kukwera yekha. Ankafuna kukwera ndi mchimwene wake, Gethin.

Gethin anali wamkulu. Eleri anali wamng'ono. Miyendo ya Gethin sinkagwira ntchito. Iye ankayenda pa njinga ya olumala. Koma manja ake anali amphamvu. Pakamwa pakenso panali pamphamvu.

Sitima ya kwawo ku Wales inali yakalekale. Inkayendera malasha. Inkanyamuka m'mudzi mwawo. Inkakwera chigwa pang'onopang'ono. Inkakafika kumapiri kumene kumadya nkhosa. Gethin ankaikonda sitimayo. Ankaidziwa ndi kulira komwe. Koma anali asanakwerepo.

Vuto linali zitseko. Mabogi onse anali ndi zitseko zopapatiza. Tsiku lina anayesa. Amayi anakankha njinga chakutsogolo. Sinalowe. Anaikankha chammbuyo. Sinalowe. Bambo wina anati angomunyamula Gethin, njingayo itsale. Gethin anakana. Anati iye si thumba la mbatata.

"Kwera iweyo," Gethin anauza Eleri. "Udzandifotokozera."

"Sindikwera, achimwene."

"Makani amenewa unatengera amayi."

"Ndamva," anatero amayi.

Sitima inapita. Iwo anatsala.

Kuseri kwa siteshoni kunali shedi yaikulu. M'shedimo anthu ankakonza mabogi akale. Sankalipidwa. Ankangoikonda ntchitoyo. Mkati mwa sabata wina ankayendetsa basi. Wina ankazula anthu mano. Loweruka onse ankavala maovolosi, n'kumadzipaka penti mpaka m'makutu. Amayi ankati ndi anthu osowa chochita.

Eleri anasuzumira m'shedimo. Anaona mabogi okongola. Anaona mabogi osweka. Kumapeto kwenikweni anaona bogi yonyansa kuposa onse. Denga lake linali lobooka. Matabwa ake anali owola. Inkanunkha zitosi. Inali itakhala zaka zambiri pafamu ina, nkhuku zikugonamo.

Koma m'mbali mwake munali zitseko ziwiri zogundizana. Kale pamenepo pankalowera katundu.

Eleri anavula sikafu yake. Anayeza khomo lija. Sikafu inatha, khomo lisanathe. Anathamangira kwa Gethin. Anayeza njinga. Njinga inatha, sikafu isanathe.

"Ukundiyeza ngati telala bwanji?" anafunsa Gethin.

"Mulowa, achimwene. Mu ijayi mulowa."

Mkulu wa m'shedi anali Bambo Bevan. Anali aatali. Anali ndi ndevu zoyera. Mawondo awo ankalira akamagwada. Eleri anawaonetsa sikafu. Anawaonetsa khomo. Anawaonetsa njinga.

Bambo Bevan anakanda ndevu. Anati maganizowo ndi abwino. Koma bogi imeneyo ili kumapeto kwa mzere. Yoyamba ndi bogi ya mabwana, ya magalasi mkati. Ndipo iyonso yaima. Mayi amene ankasoka mipando anasamukira kutauni kwa mwana wawo.

Amayi a Eleri ankasoka makatani. Ankakutanso masofa a anthu. Anamva zonsezo ali chiimire pakhomo, chikwama chili kukhwapa.

"A Bevan, mipando yanuyo ndisoka ine."

Nkhope ya Bambo Bevan inawala.

"Musaseke msanga. Sindisoka ulere. Muyambe mwakonza khola la nkhukulo."

"Chaka chamawa, mayi a Gethin."

"Ndiye mipando yanunso chaka chamawa."

Bambo Bevan anati denga lokha ndi ntchito yaikulu. Amayi anati mipando nayonso siyodzisoka yokha. Bambo Bevan anati anthu ndi ochepa. Amayi anati osoka ndi ochepa kuposa pamenepo. Bambo Bevan anati aganize kaye. Amayi anati aganize bwino, iwo akupita. Anakonza chikwama kukhwapa. Anatembenuka. Anayamba kuyenda. Sanacheuke.

"Mayi a Gethin, tabwerani."

Amayi anabwerera.

Anagwirizana. M'nyengo yozizira sitima siyenda. Imapuma mpaka kunja kutafunda. Bogi ya zitseko ziwiri idzakhale itatha tsiku limene sitima idzayambenso kuyenda. Amayi adzasoka mipando ya mabwana. Adzasokanso timipando ta m'bogi ya nkhuku. Bambo Bevan anati anawo nawonso azigwira ntchito. Amayi anavomera. Koma anati tiyi ndi wa a Bevan. Mabisiketinso ndi a a Bevan, ndipo asakhale ophwanyika.

Ntchito inayamba.

Loweruka lililonse ankapita kushedi. Kunja kunkagwa mvula. Mkati munkalira hamala. Mayi Olwen, oyendetsa basi aja, anali akalipentala a m'shedi. Anachotsa matabwa owola. Anaika matabwa atsopano. Ena anakhoma denga. Ena anapala dzimbiri kumatayala. Amayi anakhala pakona ndi makina awo. Ankasoka, uku akudandaula kuti singano za m'shedi ndi zobuntha ngati eni ake.

Gethin anapatsidwa sandipepa. Matabwa a m'munsi ankawavuta Bambo Bevan chifukwa cha mawondo. Gethin sankawavutikira. Njinga yake inali pa msinkhu womwewo. Ankakwecha, n'kusuntha. Ankakwecha, n'kusuntha. Thabwa linkasalala ngati tsaya.

Eleri anapatsidwa tsache.

Ankasesa utuchi. Ankasesa fumbi. Ankasesa nthenga za nkhuku zimene zinkatuluka m'makona. Ankasesa m'mawa. Ankasesa madzulo. Mayi Olwen anati shedi imeneyi sinayerepo chonchi. Eleri anamva kukoma. Anasesanso.

Loweruka linkabwera, Loweruka linkapita. Fungo la zitosi linatha. Zitseko ziwiri zija zinayamba kutseguka osalira. Kunja kunayamba kufunda.

Kenako inafika nthawi ya vanishi. Vanishi ndi amene amawalitsa matabwa. Sapaka kamodzi. Amapaka, aume. Amapakanso, aume. Bambo Bevan ankapaka mkati mwa sabata, ana ali kusukulu. Loweruka lililonse Eleri ankapeza bogi ikuwala kuposa kale.

Vanishi womaliza anamupaka Loweruka m'mawa. Tsiku limenelo Eleri anachedwa. Anapita ndi amayi kukagula nsapato. Gethin anatsogola ndi Mayi Olwen.

Eleri atafika, amayi anaima pasiteshoni kukangana ndi munthu wina za makatani. Eleri sanadikire. Analowa m'shedi yekha, pakakhomo kakang'ono. Munalibe munthu. Onse anali m'kachipinda ka tiyi. Bogi inali chiimire pakati. Inkawala ngati uchi. Eleri anadziona nkhope m'thabwa.

Kenako anayang'ana pakona ya Mayi Olwen. Pansi pa tebulo panali utuchi wambiri. Bogi yokongola chonchi, pafupi ndi zinyalala? Ayi.

Eleri anatenga tsache lake. Anasesa. Anasesa mwamphamvu. Anasesa mofulumira, kuti anthu akamabwera apeze poyera. Fumbi linakwera m'mwamba. Eleri anatsegula chitseko chachikulu cha shedi kuti lituluke. Mphepo inalowa. Fumbi silinatuluke. Linabwerera mkati.

Vanishi anali asanaume.

Fumbi linatera pabogi. Utuchi unatera pabogi. Zonse zinamatirira. Mbali imodzi yonse inasanduka ngati donasi wowaza shuga.

Anthu anatuluka m'kachipinda, makapu ali m'manja. Anaima. Mayi Olwen anatseka chitseko chachikulu pang'onopang'ono. Bambo Bevan anayandikira bogi. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Tsiku la vanishi sitisesa," anatero motsitsa mawu. "Timathira madzi pansi. Timatseka zitseko. Aliyense amadziwa zimenezo."

Amayi anali atalowa.

"Aliyense wake uti? Mwanayu munamuuza?"

Bambo Bevan anayang'ana Mayi Olwen. Mayi Olwen anayang'ana wozula mano. Wozula mano anayang'ana m'kapu yake. Palibe amene anamuuza. Onse ankazidziwa kuyambira kale. Anaiwala kuti ndi zinthu zouza munthu.

Koma fumbi linali litamatirira basi.

Bambo Bevan anafotokoza. Vanishiyo ayambe wauma gwa. Kenako mbali yonseyo ikwechedwe ndi sandipepa wonyowa. Makina sangachite, angawononge thabwa. Pamafunika manja. Akatero apakenso. Koma tsiku la sitima layandikira. Manja ndi ochepa. Bogi ya mabwana nayonso sinathe. Anapepesa kwa Gethin. Anati mwina chaka chamawa.

Gethin, amene sankatseka pakamwa, anangoyang'ana zitseko ziwiri zija.

Eleri analira. Analira mpaka tsache linagwa.

Amayi anamupukuta mphuno ndi kansalu ka mipando ya mabwana.

"Walira, zakwana," anatero. "Misozi sichotsa fumbi. Ganiza."

Eleri anasisima. Kenako anaganiza. Anapita kwa Bambo Bevan.

"Bambo, kukwecha n'kovuta?"

"N'kotopetsa. Sikovuta."

"Ndikabweretsa manja, mupakanso?"

"Manja a ndani?"

"A anzanga. Koma tsiku loyamba adzakwere nawo."

Bambo Bevan anati ana awononga. Eleri anati achimwene ndi mwana, kodi anawononga? Bambo Bevan anati ana amachita phokoso. Eleri anati hamala imaposa. Mayi Olwen anaseka. Anati uyu ndi mwana wa mayi ake, a Bevan angovomera asanawalande shedi. Bambo Bevan anavomera.

Kusukulu Eleri anauza anzake. Wokwecha akwera. Wosakwecha atsala. Ambiri anavomera msanga. Koma Rhodri, mnyamata wamatama wa m'kalasi mwawo, anafuna zambiri. Anati iye abwera pokhapokha akadzaliza sitima. Eleri anati ayi. Rhodri anati ndiye sabwera, ndipo anzake a mpira sabweranso. Eleri ananyamula chikwama chake. Anatembenuka. Anayamba kuyenda. Sanacheuke.

"Iwe Eleri, tadikira."

Eleri anadikira.

Loweruka shedi inadzaza. Kunabwera ana. Kunabwera azimayi awo. Kunabwera azibambo awo. Kunabwera ngakhale aphunzitsi, atavala nsapato za mvula. Vanishi anali atauma gwa. Aliyense anapatsidwa sandipepa ndi kabigiri ka madzi.

Gethin ndiye anali mphunzitsi. Ankayenda ndi njinga yake kuchoka uku kufika uko.

"Viika. Kwecha. Pukuta. Gwira ndi chala. Ngati pakukanda, bwereza."

Ana ankakwecha m'munsi. Akuluakulu ankakwecha m'mwamba. Viika, kwecha, pukuta. Viika, kwecha, pukuta. Gethin anauza Rhodri kuti akukwecha ngati akusisita mphaka. Anauza aphunzitsi kuti abwereze, sanakhoze. Aphunzitsi anabwereza.

Manja anatopa. Zala zinachita makwinya. Mabisiketi a Bambo Bevan anatha, ophwanyika omwe. Koma pofika madzulo fumbi lonse linali litachoka. Bambo Bevan anayendetsa dzanja pabogi, kuchokera kumutu mpaka kumapeto. Sanapeze pokanda.

Tsiku la vanishi linafikanso. Ulendo uno Bambo Bevan anamuuza Eleri zonse. Anamuuza pang'onopang'ono. Pansi pakhale ponyowa. Zitseko zikhale zotseka. Wa juzi yaubweya asalowe, chifukwa ubweya umathothoka. Wothamanga asalowe. Aliyense asalowe.

Anamupatsa keni yothirira maluwa.

Eleri anathira madzi pansi. Anathira kuzungulira bogi. Anathira pakona ya Mayi Olwen. Anathira pansi pa tebulo. Anathira ngati akuthirira dimba. Fumbi lonse linagona. Bambo Bevan anavula juzi yawo. Anatenga bulashi. Eleri anatuluka. Anatseka kakhomo. Anakoka mpando, n'kukhala pomwepo.

Kunabwera Rhodri. Anati angosuzumira. Eleri anati ayi.

Kunabwera bwana wa siteshoni. Anali atavala chikhothi chaubweya ndi chipewa cha mabatani owala.

"Pepani bambo, simulowa."

"Mwana iwe, ukundidziwa ine?"

"Ndikukudziwani. Simulowa."

Bwana wa siteshoni anatsokomola. Anakonza chipewa. Anabwerera.

Kenako kunabwera amayi, atanyamula tiyi wa Bambo Bevan.

"Tsegula."

"Simulowa, amayi."

"Iwe, ndinakubala ndine."

"Mwavala juzi."

Amayi anayang'ana juzi yawo. Anayang'ana Eleri. Anaika kapu pansi. Anati tiyiyo akazizira, a Bevan amwa choncho. Kenako anakhala pambali pa Eleri. Munthu wina atayandikira, amayi ndi amene anayamba kumubweza.

Vanishi anauma. Panalibe fumbi. Panalibe ubweya. Panalibe ngakhale kantchentche.

Tsiku la sitima linafika. Pasiteshoni panadzaza anthu. Mutu wa sitima unkapuma nthunzi. Kumbuyo kwake kunali mabogi, atalumikizana bwinobwino. Bogi ya mabwana inalipo, ndi mipando yake yatsopano. Anthu ankaisuzumira. Koma ambiri anaunjikana pa bogi ina. Inkawala kuposa onse. Mlimi amene ankagonekamo nkhuku zake analiponso. Anakana kuti ndi yomweyo.

Mayi Olwen anayala thabwa lokwerera. Bambo Bevan anagwira chitseko chimodzi. Anauza Eleri kuti agwire chinacho. Anatsegula. Khomo linali lalikulu.

Amayi anagwira njinga kuti akankhe.

"Siyani, amayi," anatero Gethin.

Amayi anasiya.

Gethin anagwira matayala. Anapalasa kamodzi. Anapalasanso. Njinga inakwera thabwa. Inafika pakhomo. Sinagunde kumanja. Sinagunde kumanzere. Inalowa.

Anthu anawomba m'manja. Ana anakuwa. Wozula mano anapukuta maso, n'kunena kuti ndi utsi. Gethin anazungulira ndi njinga mkati mwa bogi. Anazunguliranso. Malo analipo. Kenako anaima pawindo.

"Eleri, ukudikira chiyani? Sitima ikusiya."

Eleri anakwera. Amayi anakwera. Ana onse okwecha anakwera. Aphunzitsi anakwera. Bwana wa siteshoni anakweza mbendera yobiriwira. Sitima inalira. Bogi inagwedezeka. Siteshoni inayamba kubwerera m'mbuyo.

Anadutsa shedi. Anadutsa nyumba. Anadutsa mtsinje pamlatho, matayala akulira gudu gudu, gudu gudu. Gethin anatsitsa windo. Mphepo inamuwomba kumaso. Kamwaye kanamutera pamphuno. Eleri anafuna kukapukuta. Gethin anakana. Anati kameneko ndi kake.

Sitima inalowa m'phiri. Munada bii. Ana anakuwa. Eleri anafufuza dzanja la Gethin. Analipeza. Linali lokhakhala ndi sandipepa, ngati lake.

"Ukuopa?" anafunsa Gethin.

"Ayi. Inuyo?"

"Pang'ono."

Kuwala kunabwerera. Kunja kunali mapiri. Kunali nkhosa mbuu, ndi tiana take. Gethin anayamba kulankhula. Analankhula za malasha. Analankhula za nthunzi. Analankhula za nkhosa ina imene inkafanana ndi Bambo Bevan. Sanasiye mpaka sitima inaima.

Pamwamba pa chigwa anthu anatsika. Anapita kukagula tchipisi. Bambo Bevan anasuzumira pakhomo. Anafunsa ngati ayale thabwa. Gethin anati ayi, iye satsika. Eleri anati iyenso satsika. Bambo Bevan anayang'ana amayi kuti alamule.

Amayi sanalamule. Anali atatsamira pakona. Nsapato anali atavula. Chikwama chinali chitagwera pansi. Ankaliza mkonono pang'onopang'ono.

Eleri anatola chikwama. Gethin anavula jekete yake, n'kuwafunditsa. Bambo Bevan anatseka zitseko zonse ziwiri mosachita phokoso.

Sitima inayamba kutsika chigwa. Eleri anakhala pafupi ndi Gethin, pawindo. Ankalozerana nkhosa ndi zala zokha. Amayi anagona mpaka kwawo.